Salifeti

Salifeti ndi dzina la gulu la mchere wochokera ku asidi wa salifa, amene amalembedwa H₂SO₄. M'Chingerezi liwuli limalembedwa sulphate kapena sulfate. Mu kemisitiri mawu oti mchere satanthauza wothira m'ndiwo wokha, koma chilichonse chimene chimapangika asidi akakumana ndi chitsulo kapena mankhwala othetsa ukali wake. Salifeti aliyense amakhala ndi atomu imodzi ya salifa yogwirana ndi maatomu anayi a okosijeni, ndipo kagulu kameneka kamalembedwa SO₄²⁻.

Ophunzira ambiri amasokoneza salifeti ndi mayina ena awiri ofanana nalo. Salifaiti ali ndi maatomu atatu a okosijeni, pomwe salifaidi alibe okosijeni. Fungo la dzira lovunda limachokera ku mpweya wa m'gulu la salifaidi, osati salifeti.

Pa ulimi

Mbewu zimafuna salifa kuti zipange mapuloteni, ndipo mizu imamuyamwa ali ngati salifeti wosungunuka m'madzi a m'nthaka. Akachepa, masamba anthete amayamba chikasu. Apa mpamene mlimi angasiyanitse vutoli ndi kuchepa kwa naitirojeni, komwe chikasu chimayambira pa masamba akunsi. Pa thumba la feteleza wa 23:21:0+4S, chilembo cha S chimasonyeza kuti muli magawo 4 pa 100 a salifa. Feteleza wa amoniyamu salifeti, yemwe alimi amangoti SA, ali ndi magawo 21 pa 100 a naitirojeni ndi 24 a salifa.

Nkhaniyi ndi yofunika m'madera ngati Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, komwe fakitale ya shuga idayamba kugwira ntchito mu 1979 ndipo nzimbe zimalimidwa mothirira. Salifeti sachedwa kutsika ndi madzi, makamaka m'nthaka yamchenga ngati yomwe imapezeka m'malo ambiri a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Komanso nzimbe zikatenthedwa zisanadulidwe, salifa wa m'masamba amapita ndi utsi m'malo mobwerera m'nthaka. SA amabweza salifayu, koma akamathiridwa chaka ndi chaka amachulukitsa asidi m'nthaka, ndipo pamafunika laimu kuti nthakayo ikhalenso bwino.

Ntchito zina

Jipisamu, yemwe ndi kashiyamu salifeti, amasakanizidwa mu simenti kuti isaume msanga, ndiponso amapangira pulasitala womangira fupa lothyoka. M'zipatala, mayi woyembekezera amene akukomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi amabayidwa maginiziyamu salifeti, ndipo mapiritsi ambiri owonjezera magazi amakhala a ayironi salifeti. Aluminiyamu salifeti amathiridwa m'madzi akumwa kuti matope asonkhane ndi kudikha pansi. Mu batire la galimoto, salifeti wa mtovu amapangika pamene moto ukutha, ndipo batirelo likakhala nthawi yaitali osatchajidwa, amauma n'kumatirira moti silisunganso moto bwino.