Wodwala wa mu ICU akayamba kubwebweta

Pa Kitwe Teaching Hospital ndi pa Ndola Teaching Hospital, cipinda cimene abale amaciopa kwambiri ndi ICU. Amaopa imfa, n'zomveka. Koma pali cina cimene ambiri sacidziwa mpaka citawagwera. Wodwala amatsegula maso koma samuzindikira mkazi wake, amazula mapaipi, amati manesi akufuna kumupha, kapena amaona anthu amene anamwalira kalekale ataima pafupi ndi bedi. Pa benchi panja mawu sacedwa kutuluka: wafuntha. Ena amati walodzedwa.

Mantha a mawu amenewa ali ndi mbiri yake. M'nthawi ya Northern Rhodesia, munthu wa pa mgodi akathyoka mwendo ankapita naye ku cipatala ca kampani, monga ca Wusakile ku Kitwe. Koma mutu ukasokonezeka, nkhani inkalowa m'manja mwa apolisi ndi khoti, ndipo ena ankatumizidwa kutali ku Ingutsheni, ku Bulawayo, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 1908. Chainama ya ku Lusaka inabwera mu 1962. Lamulo la atsamunda la matenda a maganizo, limene Zambia inapitiriza nalo italandira ufulu, linkachula odwala ndi mawu acipongwe ngati idiot ndi imbecile. Khoti lalikulu linakana mawuwo mu 2017, ndipo lamulo latsopano linabwera mu 2019. Zaka zonsezi mabanja anaphunzira cinthu cimodzi: thupi limacira pafupi ndi kwanu, koma wodwala mutu amapita kutali ndipo dzina la banja limaipa.

ICU yokha ndi ya posacedwa. Mu 1952 poliyo inavuta ku Copenhagen, ndipo dokotala Bjørn Ibsen anakonza zoti ophunzira udokotala azipopera odwala mpweya ndi manja usana ndi usiku. Caka cotsatira anatsegula cipinda ca odwala mwakayakaya. Zipinda zotere zitafalikira, madokotala anaona kuti odwala ambiri akusokonezeka, ndipo anaupatsa vutoli dzina lakuti ICU psychosis. Dzinali linasoceretsa anthu, cifukwa linkamveka ngati misala wamba, kapena ngati cinthu cosadetsa nkhawa cimene cidzatha cokha.

Lero amati delirium, ndipo amaiona ngati kulephera kwa ubongo, monga mmene impso kapena mapapo zimalepherera. Imabwera mwadzidzidzi, imakwera ndi kutsika pa tsiku limodzi lomwelo. Zoyambitsa zili m'thupi: tizilombo m'magazi, mpweya wocepa, malungo aakulu, shuga, mankhwala ogonetsa, kusiya mowa mwadzidzidzi, ndi kusagona m'cipinda cimene magetsi sazima. Mu 2001 gulu la Dr Wesley Ely ku Vanderbilt, ku America, linatulutsa njira yopimira ngakhale wodwala amene ali ndi paipi pakhosi. Nesi amachula zilembo, wodwala n'kumafinya dzanja akamva A. Njirayi inathandiza kuona kuti amene amavuta ndi kukuwa si okhawo. Ambiri amangogona phee, maso ali yuu, ndipo tonse timati akupumula.

Kuno kwathu, kafukufuku wa pa UTH ku Lusaka amene anatuluka mu 2021 anapeza delirium mwa pafupifupi theka la odwala kwambiri amene anapimidwa, ndipo mwa iwo munamwalira ambiri m'miyezi 6 kuposa mwa anzawo. Ndiye munthu wobwebweta pa bedi safunikira Chainama coyamba. Afunikira kuti dokotala afufuze cimene cikuwononga thupi lake.

Palinso za pambuyo pake. Ena akatuluka amalota zoopsa, amaiwalaiwala, amakhumudwa, amaopa ngakhale kudutsa pa geti ya cipatala. Madokotala anapatsa zimenezi dzina ca m'ma 2010, koma ku Chimwemwe kapena ku Chifubu munthu wotere amangouzidwa kuti athokoze Mulungu poti ali moyo. Athokozedi, koma wina amumvetsereko. Mbali ya matenda a maganizo ku Ndola iliko, ndipo kupitako si kulembetsa ufunthi.

Cimene ine ndimaona kuti mbiriyi inaphonya ndi malo a wodwazika. Pa funde la Covid la mu June ndi July 2021 abale analetsedwa kulowa, pa zifukwa zomveka, ndipo odwala ankadzuka pakati pa nkhope zobisika ndi mamasiki. Komatu zina mwa zimene zimathandiza kwambiri pa delirium n'zosagula: kumuuza wodwala tsiku ndi malo amene ali, kumubweretsera magalasi ake, kutsegula katani masana, kumusiya agone usiku. Ndipo mkulu wocokera ku Katete amene wakhala zaka 40 akulankhula Cibemba ku Kitwe, mutu ukasokonezeka akhoza kumva bwino mawu a Cicewa ocokera kwa mlongo wake: "Acimwene, ndine pano. Muli m'cipatala, lero ndi Lacitatu."