Dzombe la m'Madambo a Chilwa

Kuyambira 1930 kufikira 1944 dzombe lofiira linasautsa maiko ambiri a muno mu Afirika. Linachokera ku Rukwa ndi Mweru wa Ntipa, koma madambo a nyanja ya Chilwa, kum'mawa kwa Zomba, nawonso ndi malo amene limaswanako.

Kale akatswiri ankayesa kuti chiwala chokhala chokha ndi dzombe lachigulu ndi mitundu iwiri. M'chaka cha 1921 Boris Uvarov, amene anaphunzira dzombe la ku Caucasus, anaonetsa kuti ndi mtundu umodzi. Lofiirali nalonso limatero. Udzu ukatenthedwa, ziwala zimapanikizana pa msipu wotsala. Tsono ana ake amasintha maonekedwe, nakula ndi mafuta ochuluka m'thupi. Mafutawo ndiwo amaliulutsa ulendo wautali, mpaka kukagwa m'minda ya chimanga kutali ndi nyanja.