Mapangano a Maboma ndi Mawu a pa Wailesi: Mbiri Yooneka Bwino ku Tsangano

Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano akatsegula wailesi yake madzulo amamva Chichewa cha ku Blantyre, ndipo nthawi zina akapotoza pang'ono amamva Chinyanja cha ku Tete. Izi sizimdabwitsa, pakuti malire amene Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana m'chaka cha 1891 anadula pakati dziko la Angoni a Maseko, kotero kuti dzina loti Tsangano lili mbali zonse ziwiri, ku Ntcheu kuno ndi ku Mozambique komwe. Mawu a pa wailesi safuna chiphaso powoloka malire. Koma kodi ndani anagula makina oulutsira mawuwo? Ndani anaphunzitsa muulutsi? Nanga nkhani za maiko akutali amene iye sanapondeko amazitenga kuti? Mayankho ake kawirikawiri ali m'mapangano amene maboma amasainirana, ndipo mbiri ya mapanganowo njoyenera kuti banja lililonse liidziwe.

Wailesi ya ku Lusaka

Pangano loyamba limene linafika m'makutu a makolo athu linali la atsamunda. M'chaka cha 1941 boma la Northern Rhodesia linatsegula kanyumba koulutsira mawu ku Lusaka kuti anthu azimva za nkhondo yaikulu imene ana awo anapitako. Nkhondo itatha, maboma atatu a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anapangana kuti Lusaka iziulutsira anthu akuda a maiko onse atatu, pamene Salisbury iziulutsira Azungu. Mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, ataona kuti anthu alibe mawailesi, anakopa kampani ya Ever Ready kuti ipange wailesi yotsika mtengo. Inatuluka mu 1949, yooneka ngati sefuliya, nigulitsidwa pa mapaundi 5. Chinyanja chinamveka mumlengalenga, ndipo nyimbo za Alick Nkhata zinalowa m'midzi.

Anthu anaikonda wailesiyo kufikira pamene inasanduka pakamwa pa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953. Aulutsi analamulidwa kufotokoza ubwino wa chinthu chimene omvera awo ankadana nacho. Mbiri inawanda yoti anthu a ku wailesi ndi anamapopa, ndipo Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito kumeneko, anasimba za mantha amenewo m'buku lake lotchedwa Wayaleshi. Mbiriyo inali yabodza, koma inkanena chinthu choona: anthu anazindikira kuti mawu amene ankawayesa a mbale wawo anali ndi mwini wake wina.

Ufulu ndi abwenzi atsopano

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, linakhala ndi wailesi yakeyake ya MBC. Nthawi imeneyo maiko akuluakulu a kuzambwe ndi a kuvuma ankalimbirana mitima ya anthu a mu Africa, ndipo aliyense ankafuna malo oti aimikepo nsanja zake. Deutsche Welle ya ku West Germany inamanga zake ku Kigali mu 1965, Voice of America ku Botswana mu 1981, ndipo BBC ku zilumba za Seychelles mu 1988.

Kayendedwe ka mapangano otere nkosavuta kukamvetsa. Dziko losauka limapereka malo ndi chilolezo, kapena limalonjeza kuulutsa mapologalamu a mnzake. Dziko lolemera limapereka makina, maphunziro a atolankhani ndi nkhani zaulere. Boma losauka silingathe kulipira mtolankhani woti akhale ku London kapena ku New York, tsono likapatsidwa nkhani zokonzakonza limalandira ndi manja awiri. Palibe amene amalamula poyera kuti usanene zakutizakuti. Ulemu wokha ndiwo umagwira ntchito imeneyo, pakuti munthu sanyoza mwini mbale imene akudyeramo.

Boma la Dr Kamuzu Banda linasankha abwenzi amene maiko ena a mu Africa ankawakana. Mu 1967 linakhazikitsa ubale wa akazembe ndi South Africa ya tsankho, imene pambuyo pake inakongoza ndalama zomangira likulu ku Lilongwe. John Vorster anabwera kuno mu 1970, ndipo Dr Banda anabweza ulendowo mu 1971. Boma la ku Pretoria linali litatsegula Radio RSA mu 1966 kuti iyeretse dzina lake kunja, ndipo Chichewa chinali chimodzi mwa zilankhulo zimene wailesiyo inagwiritsa ntchito. Kuno kwathu, mu 1968, Chitumbuka chinachotsedwa pa MBC ndipo lamulo lokhazikitsa bungwe lopima mabuku ndi zisudzo linavomerezedwa. Kuyambira pamenepo, zimene Mmalawi ankamva za maiko oyandikana nawo zinkatsata ubwenzi wa boma lake.

Nkhondo ya kutsidya kwa mseu

Palibe malo amene izi zinaoneka bwino koposa m'malire muno. Mu 1968 gulu la FRELIMO linakuza nkhondo yake m'chigawo cha Tete. Pa 16 December 1972 asilikali a Chipwitikizi anapha anthu mazanamazana pa mudzi wa Wiriyamu. Boma la ku Lisbon linakana, ndipo maboma ogwirizana nalo anakhala chete. Nkhaniyo inatuluka kudzera mwa ansembe a mishoni amene analemba maina a ophedwa, ndipo Bambo Adrian Hastings anaifalitsa m'nyuzipepala ya The Times ku London pa 10 July 1973. Panalibe pangano la maboma limene linanyamula nkhani imeneyi. Inanyamulidwa ndi anthu amene anaika moyo wawo pachiswe.

Mozambique italandira ufulu pa 25 June 1975, wailesi inasanduka chida chenicheni cha nkhondo. Boma la Ian Smith ku Rhodesia linayambitsa wailesi yotchedwa Voz da África Livre yonyoza boma la Samora Machel ndi kukometsa zigawenga zimene zinadzatchedwa RENAMO. Zimbabwe itamasuka mu 1980, ntchitoyo inasamukira ku South Africa. Nchifukwa chake pamene Machel ndi P.W. Botha ankasainirana pangano la Nkomati pa 16 March 1984, anaikamo ndime yoti dziko lililonse liletse mawailesi oulutsira adani a mnzake. Taonani, abale: mawailesi analembedwa pa pepala limodzi ndi mfuti ndi misasa ya asilikali. Atsogoleriwo ankadziwa kulemera kwa mawu.

Panganolo silinathetse nkhondo. Pofika 1986 anthu a ku Angonia ankawoloka malire usiku ndi usana, atasenza mphasa ndi miphika, nakhazikika m'mbali mwa mseu wa ku Dedza ndi ku Ntcheu. Chiwerengero cha othawa kwawo m'dziko muno chinadzapitirira 1 miliyoni. Maiko oyandikana nafe ankadandaula kuti RENAMO ikudutsa m'dziko lathu, ndipo mu September 1986 Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Dr Banda maso ndi maso. Boma lathu linakana mlanduwo. Mwezi wotsatira Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo mu December maiko awiriwa anasainirana pangano la chitetezo. M'miyezi yonseyo wailesi ya ku Maputo inkanena zake, ya ku Blantyre zake, ya ku Johannesburg zake. Akuluakulu a ku Tsangano amakumbukira kuti choonadi anachimva kwa achibale amene anafika pakhomo opanda kanthu, napempha kamunda koti adzalepo mbatata.

Maiko a mu Africa anayesa kupangana okhaokha kuti asamadalire nkhani zochokera kwa atsamunda akale. Bungwe la OAU linakhazikitsa PANA, imene inayamba ntchito ku Dakar mu 1983. Cholinga chinali chabwino, koma nkhani zambiri zinkachokera ku nthambi zofalitsa nkhani za maboma omwewo, kotero kuti boma lililonse linkangotumiza chithunzi chake chokometsera.

Chaka cha 1992 chinatiphunzitsa mbali ina ya nkhaniyi. Kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March, wailesi ya boma inaidzudzula, ndipo anthu anatembenukira ku BBC ndi ku wailesi ya ku South Africa kuti amve zimene zinkachitika m'dziko lawo lomwe. Radio RSA ija, imene inabadwira kuteteza tsankho, inasintha dzina chaka chomwecho nikhala Channel Africa. Tsono tisafulumire kunena kuti mawu ochokera kunja ndi oipa. Pali nthawi imene mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Bwenzi la masiku ano

Pa 28 December 2007 Malawi inasiya ubale wake ndi Taiwan, umene unayamba mu 1966, nigwirizana ndi China. Anthu amakumbukira nyumba ya malamulo ku Lilongwe ndi mseu wa Karonga–Chitipa, koma ubalewu unafikanso ku zofalitsa nkhani. Atolankhani a kuno akhala akuitanidwa ku maphunziro ku China. Nthambi ya nkhani ya Xinhua imagawira nyumba zofalitsa nkhani za mu Africa nkhani zake, ndipo wailesi ya kanema ya boma la China inatsegula likulu lake la mu Africa ku Nairobi mu 2012. Pa msonkhano wa ku Johannesburg mu December 2015, Xi Jinping analonjeza kufikitsa wailesi ya kanema m'midzi 10,000 ya mu Africa. Ntchitoyo inapatsidwa kwa kampani ya StarTimes, ndipo Malawi inali m'gulu la maiko olandira.

Kukana kuti mphatso zoterezi zili ndi phindu kungakhale kunama. Mwana wa kumudzi amene waona dziko lakutali pa kanema wapindula, ndipo mtolankhani amene waphunzira kugwiritsa ntchito makina atsopano wapindulanso. Koma China ikuchita zimene Britain, Germany, America ndi South Africa anachita kale: ikufuna kuti tiione monga momwe imadzionera yokha. Vuto silili pa zimene timauzidwa zokha ayi, koma makamaka pa zimene sizinenedwa. Wailesi imene yalandira makina kwa bwenzi imavutika kusimba za zolakwa za bwenzilo, ngakhale zolakwazo zitachitikira anthu athu.

Nanga ife tichitenji? Choyamba, tili ndi ufulu wofunsa. Lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo palibe chifukwa choti mapangano okhudza zimene timamva akhale obisika. Aphungu athu ndi mabungwe a atolankhani ayenera kuwaona ndi kutifotokozera zimene dziko lalonjeza. Chachiwiri, nyumba zofalitsa nkhani zizitchula poyera kumene nkhani yachokera, kuti womvera adziwe ngati akumva mtolankhani wa kwawo kapena kazembe wa dziko lina. Chachitatu ndi cha pabanja: makolo azikhala ndi ana awo pomvera nkhani, ndi kuwazoloweza kufunsa kuti akulankhulayu ndani, ndipo wamtuma ndani.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Mlimi wa ku Tsangano akatsikira ku msika wa pa mphambano ndi matumba ake a mbatata sakhulupirira mtengo wa wogula woyamba, ngakhale wogulayo atamuseka ndi kumgulira tiyi. Amayamba wamva kwa wachiwiri ndi wachitatu, nayang'anitsitsa ndowa yoyezera ngati sinafutukulidwe pansi. Sadana ndi wogulayo, pakuti amamfuna. Amangodziwa kuti aliyense wabwera ndi cholinga chake. Madzulo ano, potsegula wailesi kapena foni, tichite chimodzimodzi.