Mkulu amene ankawerenga miyala

Ana inu, senderani kuno ndikuuzeni za mkulu wina wa ku Germany, dzina lake Theodor Mommsen. Anabadwa mu 1817 ku Garding, dera lomwe masiku amenewo linali m'manja mwa mfumu ya ku Denmark. Bambo ake anali m'busa wa mpingo wa Lutheran, ndipo chuma pakhomopo chinali chochepa. Mnyamatayo anakaphunzira zamalamulo ku yunivesite ya Kiel, koma mtima wake unagwa pa Aroma akale.

Aroma aja ankakonda kulemba pamiyala. Munthu akamwalira, abale ankasema dzina lake pamwala wa manda, kaya anali msilikali, kapolo womasulidwa, kapena wophika buledi. Miyalayo inali mbwee ku Italy, ina m'makoma a matchalitchi, ina m'minda. Vuto linali lakuti ophunzira ankangokoperana mawu ake osauona mwalawo, ena n'kumapeka kumene.

Mu 1844 Mommsen ananyamuka ulendo wa ku Italy pa ndalama za boma la Denmark. Ku San Marino anakagwada kwa katswiri wokalamba, Bartolomeo Borghesi, amene anamulimbikitsa kusonkhanitsa zolembazo mwadongosolo. Apa m'pamene ine ndimamulemekezera: mwala ukakhalapo, ankafuna kuti iye kapena mnzake pantchitoyo auone ndi maso, osadalira zongomva. Zopeka ankaziika padera n'kuzipatsa chizindikiro kuti zisasocheretse a m'tsogolo. Buku loyamba la ntchito imeneyi, Corpus Inscriptionum Latinarum, linatuluka mu 1863, ndipo mpaka lero akatswiri ku Berlin akuipitirizabe.

Pa ndale sankabisa mawu. Anayamba kuphunzitsa ku Leipzig mu 1848, koma mu 1851 anamuchotsa ntchito chifukwa chotsutsa boma. Anadzera ku Zürich ndi ku Breslau, kenaka n'kukhazikika ku Berlin. M'zaka zosamukasamukazo, pakati pa 1854 ndi 1856, anatulutsa mabuku atatu a mbiri ya Roma, okafika pa nthawi ya Julius Caesar. Buku lachisanu, lonena za zigawo za ufumu wa Roma kuphatikizapo Egypt ndi kumpoto kwa Africa, linabwera mu 1885. Lachinayi sanalilembe. Mbiri imeneyi ndi imene inamubweretsera mphoto ya Nobel mu 1902, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha mu 1880. Usiku wina moto unabuka m'chipinda chake chowerengera ku Charlottenburg. Mkuluyo, ali ndi zaka 62, analowa m'motomo kuti apulumutse mabuku, ndipo anapsa. Zolemba pamanja zakalekale za Jordanes, zofotokoza mbiri ya Agoth, zomwe anachita kubwereka ku Heidelberg, zinapsera momwemo. Taganizani chisoni chake, katundu wa eni, wosatheka kugulanso. Atachira anabwerera patebulo, ndipo mu 1882 anasindikiza buku la Jordanes lija.