Nthawi Zolembedwa Kumbuyo kwa Buku la Masamu

Ndili ndi buku la masamu la Giredi 11 limene ndakana kutaya. Chikuto chinathothoka kale, masamba ena anavunda ndi chinyezi cha m'nyumba mwathu mu Misisi, koma tsamba lomaliza likali bwino. Pa tsambalo palibe samu ngakhale imodzi. Pali masiku ndi mphindi zokhazokha, zolembedwa ndi bolopeni ya buluu. Ndi nthawi zimene mnzanga wa m'kalasi anali kutenga pothamanga, ine nditagwira foni ya mlongo wanga m'malo mwa wochi. Dzina lake ndilisunga, pakuti amai ake akali moyo ndipo sanandipemphe kuti ndiike mwana wawo pa intaneti.

Tinadziwana mu Giredi 10, chaka cha 2015. Tonse tinali ana a mu Misisi, komboni imene ili m'mbali mwa njanji, pafupi ndi tauni kotero kuti Findeco House timaiona tikutunga madzi. Akuluakulu amati dzinali linachokera kwa mkazi wachizungu amene anali mwini malo, amene antchito ake anali kumutchula kuti misisi. Pano anthu anakumba miyala zaka zambiri, ndipo maenje amene anatsala anadzala madzi. Lodziwika kwambiri ndi lija timati Blue Water. Mvula ikagwa, madzi sapeza kopita. Amalowa m'nyumba, amasefukira m'zimbudzi, kenako amatsikira m'zitsime zosaya zimene anthu amamwa.

Mnzangayo miyendo anailimbitsira m'njira zimenezi. M'mawa uliwonse anali kutungira anthu madzi m'zigubu za malita 20, amupatse tindalama, ndiyeno n'kuthamangira kusukulu belu lisanalire. Tsiku la masewera pasukulu anavula nsapato zake za yunifomu, chifukwa zinali zokhazo, naziika m'manja mwanga. Anathamanga mtunda wautali wopanda nsapato, ndipo anyamata a Giredi 12 anawasiya kumbuyo theka la bwalo.

Lolemba lotsatira aphunzitsi athu a mbiri anamuimiritsa m'kalasi. Tinayesa walakwa. Iwo anangofunsa kuti, "Ndani pano adziwa Yotham Muleya?" Wina anati ndi msewu wa cha ku Woodlands. Wina anati ndi sukulu ya pulaimale. Panalibe amene anadziwa kuti anali munthu, mnyamata wa msinkhu wathu. Tsiku limenelo aphunzitsi anatseka buku la silabasi natiuza nkhani imene ndifuna kukupatsirani.

Yotham Muleya anabadwira ku Mudukula, m'boma la Choma. Anabwera ku Lusaka kudzaphunzira, ndipo mu 1958 anali pa sukulu ya zaluso ya Hodgson, kuphunzira kukonza magalimoto. Nthawi imeneyo dziko lino linali Northern Rhodesia, lomangidwa pamodzi ndi Southern Rhodesia ndi Nyasaland mu Chitaganya chimene chinayamba mu 1953. Munthu wakuda anali kugula nyama pa windo la butchala pamene mzungu alowa pakhomo. Masewera nawo anali ndi malire omwewo, makamaka ku Southern Rhodesia, kumene akuda sanali kupikisana ndi azungu.

Kumapeto kwa 1958, ku Salisbury, kumene lero timati Harare, anakonza mpikisano waukulu. Mlendo wolemekezeka anali Gordon Pirie wa ku Britain, amene mu 1956 anaswa rekodi ya dziko lonse pa mamita 5,000 ndi kutenganso mendulo ya siliva pa Olympics ya ku Melbourne. Dzina la Muleya litatumizidwa kuchokera kuno, mkulu wa bungwe la othamanga kumeneko, William DuBois, anakana poyera chifukwa cha khungu lake, ndipo anamunena ndi mawu achipongwe amene sindiwabwereza. Nkhaniyo inamveka m'manyuzipepala, anthu ambiri anaipidwa, ndipo potsiriza anamulola.

Mu December 1958 anaima pa mzere wa mpikisano wa mamailosi atatu, umene uli pafupifupi mamita 4,800. Bwalo linali lamatope. Iye analibe nsapato. Anamaliza m'mphindi zosakwana 15, ndipo Pirie anatsala kumbuyo pafupifupi mayadi 100. Chimene chinagwa tsikulo sichinali Pirie yekha ayi. Mawu akuti wakuda sangayenere kuima pa mzere umodzi ndi mzungu anasowa powanenera, popeza aliyense anaona ndi maso, ndipo wochi inalemba.

Chaka chotsatira anapatsidwa mwayi wopita ku America, ku koleji ya Central Michigan mu tauni ya Mount Pleasant. Anafika mu November 1959. Asanathe ngakhale milungu iwiri, galimoto imene anakwera inachita ngozi, ndipo anamwalira ali ndi zaka 19. Sanaone mbendera ya Zambia ikukwera pa 24 October 1964.

Aphunzitsi atamaliza, m'kalasi munali zii. Popita kunyumba, tikulumpha zithaphwi, mnzanga anati, "Boi, ngati uja anawina muzungu alibe nsapato, manje ine nilindila chani?" Kuyambira sabata imeneyo anandipatsa ntchito. Loweruka lililonse tinali kupita kubwalo la sukulu m'mamawa, iye azungulire, ine ndiwerenge ndi kulemba. Bwalolo palibe amene analiyeza bwino, ndiye nthawi zanga sizingalowe m'buku la bungwe lililonse. Koma bwalo linali lomwelo sabata ndi sabata, ndipo mphindi zinali kutsika. Zimenezo ndingalumbire.

Anayamba kufunsa za ena amene anabwera pambuyo pa Muleya. Anadziwa kuti Samuel Matete anakhala katswiri wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991 pa mamita 400 olumpha zotchinga, ndi kuti anabweretsa siliva kuchokera ku Atlanta mu 1996. Anali kukamba za OYDC, malo ophunzitsira achinyamata masewera amene anatsegulidwa mu 2010 cha ku Great North Road, ndi za Heroes Stadium imene inatsegulidwa mu 2014 chapafupi pomwepo. Ndalama ya minibasi yopitira kumeneko tsiku ndi tsiku analibe. Anati akangomaliza mayeso adzafuna kaganyu m'tauni, agule nsapato za salaula, ayambe kupita. "Uzaniona mu Heroes, boi," anali kutero. "Iwe uzankhala na foni yako pa mpando."

Mayeso a Giredi 12 tinalemba kumapeto kwa 2017. Kolera inali itayamba kale mu October, m'makomboni monga Chipata ndi Kanyama. Mvula itakula, matenda anafalikira. Amene munalipo mukumbukira: asilikali anatsika m'misewu kuyeretsa tauni, ogulitsa m'mbali mwa msewu anachotsedwa, misika ina inatsekedwa, masukulu sanatsegulidwe pa tsiku lake mu January 2018, ndipo misonkhano ya anthu ambiri inaletsedwa. Pofika May, anthu oposa 5,000 anali atadwala, ndipo pafupifupi 100 anamwalira mu Lusaka mokha. Heroes Stadium inasanduka chipatala cha odwala kolera.

Mnzanga sanafike ngakhale kumeneko. Anayamba kutsegula m'mimba usiku, nayesa kupirira monga anazolowera. Kolera simenyana ndi mphamvu za munthu. Imachotsa madzi ndi mchere m'thupi mwamsanga kotero kuti wamphamvu angathe kufa m'maola ochepa, pamene madzi oyera osakaniza ndi ORS, akayamba kumwa msanga, amapulumutsa ambiri. Pamene abale anamunyamula kupita naye kuchipatala kutacha, anali atafooka kale. Anamwalira tsiku lomwelo, ali ndi zaka 19. Chifukwa cha matenda, maliro anali a anthu owerengeka ndiponso achangu. Ife a m'kalasi sitinaimbe, sitinagone pamaliro, sitinaponye dothi. Zotsatira za mayeso zitatuluka, dzina lake linalipo, ndipo anakhoza.

Kwa zaka zingapo ndinali kuwaika pamodzi awiriwa m'mutu mwanga: onse opanda nsapato, onse zaka 19. Tsopano ndiona kuti kusiyana kwawo ndiko kofunika. Muleya anathamanga pamaso pa anthu a mawochi ndi atolankhani, ndipo chifukwa cha zimene iwo analemba, lero ali ndi msewu ndi sukulu. Ngakhale zili tero, ana 50 a m'kalasi mwathu sitinadziwe kuti anali ndani mpaka mphunzitsi mmodzi atasiya silabasi. Ngati munthu wa msewu wake angaiwalike chotero, nanga mwana wa mu Misisi amene anangozungulira bwalo lafumbi? Ndiponso Muleya anamutsekera njira ndi munthu wa dzina, amene tingamuloze chala. Mnzanga anatsekeredwa ndi chitsime chosaya ndi chimbudzi chosefukira, zinthu zimene zinabweranso mu January 2024, pamene bwalo lomwe lija linadzalanso mabedi.

Mu August 2024 ndinaonera pa TV ya m'kantemba Muzala Samukonga akutenga mendulo ya bronze pa mamita 400 ku Paris, pa masekondi 43.74, mendulo yoyamba ya Zambia pa Olympics chichokere cha Matete. Anyamata anakuwa mpaka agalu anauwa komboni yonse. Ine ndinakuwa nawo, kenako ndinapita kunyumba kukatsegula buku lija.

M'mawa mwake ndinapita nalo kwa amai ake. Ndinawapeza akugulitsa malasha pakhomo. Ndinagwada, ndinawapatsa moni, ndi kuwaonetsa tsamba lomaliza. Anayang'ana manambala nthawi yaitali, nafunsa kuti, "Mwananga, izi zitanthauza chani?" Ndinawalozera mzere woyamba ndi wotsiriza, ndi kuwauza kuti pakati pa iwiriyo mwana wawo anadula mphindi yathunthu ndi masekondi ena. Anapukuta manja pa chitenje asanagwire pepalalo. Ndinafuna kuwasiyira, koma anakana. Anati m'nyumba mwawo mumalowa madzi, ndisunge ndine.

Ndiye ndasunga, ndipo lero ndalemba. Mng'ono wake wa mnzangayo ali mu Giredi 9 tsopano, ndipo miyendo ndi yomweyo. Loweruka lapitali ndinagula buku latsopano la masamba 96, ndipo pa tsamba loyamba ndalemba dzina lake lonse, tsiku, ndi nthawi yake yoyamba.