Mlendo ndi Mame: Mbiri ya Matauni a M'mphepete mwa Nyanja ku England

Dziko la England, limene makolo athu ankalitcha Mangalande, lili pa chilumba chachikulu cha Britain, ndipo m'dzikomo mulibe mudzi umene uli kutali ndi nyanja yamchere kupitirira makilomita 120. Mukafunsa nkhalamba ya kumeneko za ubwana wake, kawirikawiri idzakusimbirani za mchenga, abulu onyamula ana pagombe, nsomba zokazinga ndi tchipisi zokulungidwa mu nyuzipepala, ndiponso sitima yodzaza mabanja opita ku tchuthi. Munthu angaganize kuti chizolowezi chimenechi ndi chamakedzana, koma sizili choncho. Chidayamba zaka pafupifupi 300 zapitazo, chidakula, chidafika pachimake, kenaka chidayamba kufota. M'chimangirizo chino tiona mmene midzi ya asodzi idasandukira matauni otchuka, ndi chimene chidagwera matauniwo alendo atatembenukira kwina.

Poyamba Angerezi sankaona nyanja ngati malo achisangalalo ayi. Kwa iwo nyanja idali chilombo chomeza zombo ndi kusiya akazi amasiye. Kugombe kunkakhala asodzi, amalinyero ndi ozembetsa katundu usiku. Anthu olemera akadwala ankapita kumtunda, ku matauni monga Bath, kumene kudali akasupe a madzi amene ankakhulupirira kuti ndi ochiritsa.

Kusintha kudayambira ku Scarborough, m'chigawo cha Yorkshire. Cha m'ma 1626 mayi wina dzina lake Thomasin Farrer adapeza kasupe wa madzi owawasira amene ankatuluka m'tsinde mwa phiri la pagombe. Mbiri idawanda yoti madziwo ndi mankhwala, ndipo m'chaka cha 1660 dokotala Robert Wittie adalemba buku lowatamanda. Odwala amene adabwera kudzamwa madzi a pakasupe adayambanso kusamba m'nyanja, kotero kuti pofika zaka za m'ma 1730 kusamba m'nyanja kudali kutazolowereka ku Scarborough.

Amene adafalitsa kwambiri chikhulupiriro chimenechi adali dokotala Richard Russell wa ku Lewes. M'chaka cha 1750 iye adasindikiza buku m'Chilatini lonena kuti madzi a m'nyanja amachiza matenda a zotupa za m'thupi, munthu akasambamo ndiponso akawamwa. Posakhalitsa adasamukira ku mudzi wa asodzi wotchedwa Brighthelmstone, umene lero ndi Brighton, ndipo odwala achuma adamtsatira kumeneko. Kusamba kwa masiku amenewo sikudali kosangalatsa konse. Wodwala ankalowa m'kanyumba kamatabwa kokhala ndi magudumu, kavalo n'kukakokera m'madzi. Kumeneko ankapeza amayi kapena abambo amphamvu, olembedwa ntchito yomgwira ndi kummiza kangapo m'madzi ozizira ngati matalala. Mmodzi mwa amayi otere, Martha Gunn, adatchuka zedi ndipo dzina lake likukumbukiridwabe ku Brighton.

Kumene kwapita mfumu, nduna sizitsala. M'chaka cha 1783 kalonga George, amene pambuyo pake adadzakhala Mfumu George IV, adafika ku Brighton koyamba ndipo adakukonda. Adamangitsako nyumba yachifumu yotchedwa Royal Pavilion, imene kuyambira 1815 katswiri wa zomangamanga John Nash adaikonzanso kuti kunja kwake izioneka ngati nyumba za mafumu a ku India. Bambo wake, Mfumu George III, adayamba kusamba ku Weymouth m'chaka cha 1789. Motero gombe lidasanduka malo amene olemera ankapita kukaonetsa zovala, kukavina ndi kukafunira ana awo mabanja. Mmphawi ankafikako ngati wantchito basi.

Chimene chidagumula mpanda umenewu ndi mphamvu ya nthunzi. Cha m'ma 1815 sitima zapamadzi zoyendera nthunzi zidayamba kunyamula anthu a ku London kupita nawo ku Margate kudzera mu mtsinje wa Thames. Kenaka kudabwera njanji: idafika ku Brighton mu 1841, ku Scarborough mu 1845, ndi ku Blackpool mu 1846. Ulendo wa ku Brighton, umene unkatha pafupifupi maola 6 pa ngolo ya akavalo, udayamba kutha maola ongopitirira pang'ono 2, ndipo mtengo wake udatsika. Tsopano kalaliki wa mu ofesi kapena mmisiri ankatha kunyamuka mmawa, kukaona nyanja, n'kubwerako tsiku lomwelo. Mfumukazi Victoria, posakondwa ndi chinamtindi cha anthu omuunjirira, adaleka kupita ku Brighton, ndipo mu 1850 adagulitsa Royal Pavilion kwa akuluakulu a tauniyo.

Palibe tauni imene ikuonetsa bwino kusinthaku kuposa Blackpool. M'chaka cha 1801 kumeneko kudali anthu osakwana 500. Pofika 1881 adali pafupifupi 14,000, ndipo mu 1901 adakwana 47,000. Chinsinsi cha kukula kotereku chidali mafakitale a nsalu a m'chigawo cha Lancashire. M'matauni monga Oldham, Bolton, Burnley ndi Blackburn, amuna, akazi ndi ana omwe ankagwira ntchito masiku 6 pa sabata m'nyumba zotentha, zaphokoso ndi zodzaza fumbi la thonje lowononga mapapo. Thonje lambiri linkachokera ku America, koma kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 lina linkachokeranso kwathu kuno, ku Chigwa cha Shire. Kamodzi pa chaka mafakitale onse a tauni imodzi ankatseka kwa sabata yathunthu, ndipo eni ake ankapezerapo mwayi wokonza makina. Sabata imeneyi inkatchedwa Wakes Week, dzina lochokera ku zikondwerero zakale za mpingo. Tauni iliyonse idali ndi sabata yake, choncho Blackpool inkalandira alendo mosinthanasinthana nyengo yonse yotentha.

Tiyenera kudziwa kuti sabata imeneyi idalibe malipiro. Kuti banja lipite kunyanja, linkaponya kangachepe sabata ndi sabata m'timagulu tosungitsa ndalama ta pafakitale, patchalitchi kapena pamalo omwera mowa, ndipo ndalamazo zinkagawidwa tchuthi chikayandikira. Tsiku lonyamuka likafika, misewu ya tauni inkatsala zii, pamene pasiteshoni padali piringupiringu. Ku Blackpool anthuwa ankafikira m'nyumba zogona alendo zoyendetsedwa ndi amayi odziwika ndi malamulo okhwima. Mabanja ambiri ankagula okha chakudya, mayi mwini nyumba n'kumangowaphikira, ndipo sichidali chachilendo kugona anthu angapo pa bedi limodzi. Chodabwitsa n'chakuti munthu ankapeza pagombe anansi ake omwewo amene ankakhala nawo mumsewu umodzi kwawo. Ambiri ankabwerera ku nyumba imodzimodziyo chaka ndi chaka mpaka ukalamba.

Akuluakulu a Blackpool adazindikira kuti mlendo safuna mchenga wokha. Adamanga milatho itatu yolowera m'nyanja, yosaolokera tsidya lina, yongoyendapo anthu popitidwa mphepo ndi kuonerera magule: woyamba mu 1863, wachiwiri mu 1868, wachitatu mu 1893. Mu 1879 adayatsa nyali zamagetsi m'mbali mwa gombe, pa nthawi imene anthu ambiri ankaunikira makandulo ndi nyali za mafuta. Mu 1885 adayambitsa timasitima tamagetsi toyenda mumsewu, timene tikuyendabe mpaka lero. Mu 1894 adatsegula nsanja yachitsulo yotalika mamita 158, potengera nsanja ya Eiffel ya ku Paris. Matauni ena nawo sadagone: Southend idadzitamandira ndi mlatho wake wotalika makilomita oposa 2.

Malamulo a dziko adathandizanso. Mu 1871 phungu wa Nyumba ya Malamulo, Sir John Lubbock, adadutsitsa lamulo lopatsa anthu a ku England masiku 4 a tchuthi pa chaka, limodzi mwa iwo Lolemba loyamba la mwezi wa Ogasiti. Komabe nkhondo yofuna tchuthi cholipidwa idatenga zaka zambiri, mabungwe a antchito akulimbana ndi olemba ntchito. Mu 1938 m'pamene padakhazikitsidwa lamulo lotsegula njira yoti antchito ochuluka azilandira sabata imodzi yopuma osadulidwa malipiro. Zaka 2 lamuloli lisanabwere, Billy Butlin, amene adabadwira ku Cape Town, adali atatsegula kale msasa wa tchuthi ku Skegness, kumene banja linkalipira kamodzi n'kupeza malo ogona, chakudya ndi masewera. Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse idadukiza zonsezi. Magombe a kummwera ndi kummawa adatchingidwa ndi waya waminga, mumchenga mudakwiriridwa mabomba, ndipo milatho yambiri idadulidwa pakati kuti adani asakocheze. Nkhondo itatha mu 1945, anthu adakhamukiranso kunyanja kuposa kale, ndipo zaka za m'ma 1950 ndizo zidali pachimake. Nkhalamba za lero zikamasimba za zidebe ndi timafosholo tomangira nyumba zamchenga, kapena za zidole za Punch ndi Judy, zimanena za nyengo imeneyi.

Koma akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu 1950 Vladimir Raitz adanyamula kagulu ka Angerezi pa ndege kupita nako ku chilumba cha Corsica, atalipiritsa mtengo umodzi wa ulendo, malo ogona ndi chakudya. Chimene chidayamba ngati kamtsinje chidasanduka chigumula. Pofika zaka za m'ma 1970 mabanja wamba ankatha kukwera ndege kupita ku Benidorm kapena ku Majorca, m'dziko la Spain, kumene dzuwa silinamiza. Ndani akadafuna kunjenjemera ndi mvula ya ku Blackpool pamene ndalama zomwezo zikadamfikitsa kotentha? Pa nthawi yomweyo mafakitale a nsalu a ku Lancashire ankatsekedwa motsatizana, ndipo mwambo wa Wakes Week udafa nawo. Lipoti la Richard Beeching la mu 1963 lidachititsa kuti njanji zambiri zitsekedwe, kuphatikizapo zina zopita ku matauni ang'onoang'ono a kugombe. Mabanja ogula magalimoto adayamba kubwera mmawa ndi kubwerera madzulo, osagonanso.

Zotsatira zake zidali zowawa. Nyumba zogona alendo zitasowa alendo, zambiri zidagawidwa kukhala tizipinda totsika mtengo, ndipo mudadzaza anthu osowa ntchito, odwala ndi okalamba ochokera m'madera ena. Ntchito zimene zidatsala zidali za miyezi yochepa pa chaka ndiponso za malipiro ochepa, choncho achinyamata ophunzira adathawira ku mizinda. Mu 2021 mkulu wa zaumoyo ku England, Chris Whitty, adalemba lipoti losonyeza kuti matauni ambiri a kugombe ali ndi matenda ochuluka ndi moyo waufupi kuposa madera a kumtunda, ndipo Blackpool idali pakati pa ovutika koposa. Taonani mmene zinthu zimatembenukira: malo amene adatchuka chifukwa chochiritsa adasanduka malo a odwala. Ku Brighton mlatho wa West Pier, umene udatsegulidwa mu 1866, udatsekedwa mu 1975 ndipo udapsa mu 2003. Mafupa ake achitsulo akadali chiimire m'madzi.

Sikuti matauni onse adagonja. Brighton idapulumuka chifukwa ili pafupi ndi London, ili ndi mayunivesite awiri, ndipo anthu ake ali ndi ntchito zina zosadalira alendo. Margate idatsegula nyumba yoonetseramo zaluso ya Turner Contemporary mu 2011 pofuna kudzukanso. Blackpool imayatsabe nyali zake zokongola chaka chilichonse nyengo yotentha ikatha, kuti alendo achedwe kuchoka.

Pomaliza, mbiri imeneyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, mpumulo wa munthu wantchito sudagwe kuchokera kumwamba: udabwera ndi njanji, ndi khobidi losungidwa movutikira, ndiponso ndi malamulo amene anthu adachita kumenyera. Chachiwiri, nthunzi idabweretsa alendo ndipo ndege idawatenga, pakuti mlendo amapita kumene mtima wake wakonda ndi kumene thumba lake lalola. Tauni imene idamanga nkhokwe imodzi yokha idagona ndi njala mame atakamuka, koma imene idalima minda ingapo ikudyabe mpaka lero.