Timachubu ta kaboni ndi kamwazidwe kake m'mankhwala osungunulira

Timachubu ta kaboni, timene asayansi amatitcha carbon nanotubes, ndi tizingwe tamphako tochepetsetsa topangidwa ndi maatomu a kaboni okhaokha. Kaboniyo ndi yemweyo amene ali m'matumba a makala ondandalikidwa m'mbali mwa msewu wa Great East m'boma la Rufunsa, podikira magalimoto opita ku Lusaka. Kusiyana kuli pa kayalidwe kake. M'makala maatomu ali mosokonekera, koma m'kachubu alukana mwandondomeko m'timabwalo ta ngodya 6, n'kupindika kukhala paipi. Kachubu ka khoma limodzi kamakhala nanomita 1 kapena 2 m'mimba mwake, moti tsitsi la munthu limakaposa kunenepa maulendo masauzande ambirimbiri. Sumio Iijima wa kampani ya NEC ku Japan ndiye anatitchukitsa mu 1991, ndipo ta khoma limodzi tinadziwika mu 1993.

Kachubu kamodzi n'kolimba kuposa chitsulo ndipo kamadutsitsa bwino magetsi ndi kutentha. Koma pochoka m'ng'anjo yopangira timachubuti sitikhala patokhapatokha. Timatuluka ngati ufa wakuda, titamatirirana m'mitolo chifukwa cha kukokana kotchedwa van der Waals. Pakati pa maatomu awiri mphamvuyi ndi yochepa, koma kachubu n'katali kwambiri poyerekeza ndi kunenepa kwake, choncho timachubu tiwiri tikagundana m'litali timagwirana zolimba. Ufa wotere ukathiridwa m'madzi wamba umangopanga timibulu n'kudikha pansi, ngati ufa wothiridwa mosavundula mumphika wa phala.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu imagona pa kusankha chosungunulira. Mankhwala odziwika bwino ndi NMP, DMF ndi dichlorobenzene. Gulu la Jonathan Coleman la ku Trinity College Dublin linasonyeza mu 2006 kuti mu NMP mitolo imanka nichepa pamene timachubu tikuchepetsedwa m'mankhwalamo, ndipo pambuyo pake linapeza kuti mankhwala amene amachita bwino ndi amene mphamvu ya pakhungu pawo ikufanana ndi ya kachubu. Zikatero kachubu sikataya kanthu posiyana ndi anzake n'kuzingidwa ndi mankhwalawo. Ngakhale zili choncho, kuchuluka kwa timachubu timene NMP payekha angasunge titamwazikana n'kochepa zedi, kachigawo chabe ka miligalamu m'mililita imodzi.

Kumasula mitolo kumafuna makina ogwedeza ndi mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, kenako ena ozungulira mothamanga kuti zotsalira zikhale pansi. Kugwedezako kukapitirira kumadula timachubu, ndipo timachubu tatifupi tikayalidwa pamodzi sitidutsitsa magetsi monga tatitali.

Kumwaza n'kosavuta poyerekeza ndi kuletsa timachubu kuti tisabwererane. Ena amatiphika mu asidi wa nitric ndi sulfuric kuti pakhoma pamere timagulu ta okosijeni togwirizana ndi chosungunulira. Njirayi imathandizadi, koma imaboola khoma lomwe linali chuma cha kachubuko. Yabwinopo ndi yokulunga kachubu ndi polima monga PVP, khoma osalikhudza. Mu 2007 ofufuza a ku Oxford anapeza kuti polima wina wotchedwa polyfluorene wosungunulidwa mu toluene amasankha timachubu ta mtundu wa semiconductor n'kusiya tina, zomwe zinapereka njira yopatulira mitundu. Ku Rice University ku Texas, gulu la Matteo Pasquali linatenga njira ina: mu 2009 linasonyeza kuti mu asidi wa chlorosulfonic timachubu timasungunuka tokha popanda kugwedeza, ndipo mu 2013 linapota ulusi wodutsitsa magetsi kuchokera mmenemo.

Msika waukulu wa zonsezi masiku ano ndi mabatire a lithiamu. Makampani monga LG Chem, Cnano ndi OCSiAl amapanga timachubu, ndipo tambiri timagulitsidwa titamwazidwa kale mu NMP. Opanga mabatire amatisakaniza ndi ufa wa cathode ndi chomatira cha PVDF, kupaka pa pepala la aluminiyamu n'kuumitsa. Nkhaniyi ikuikhudzanso Zambia, imene mu Epulo 2022 inasainirana pangano ndi DR Congo lofuna kukhazikitsa ntchito yopanga zipangizo za mabatire.

NMP ali ndi zovuta zake. Amawira pa madigiri 202, choncho kumuumitsa kumadya magetsi ambiri. Amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo madzi akalowa timachubu timayambanso kuundana. Amathanso kuvulaza mwana wosabadwa, moti mayiko a European Union anakhwimitsa malamulo a kagwiritsidwe ntchito kake m'mafakitale kuyambira mu Meyi 2020.